Nyale Yotentha ya a Madala

Mukapita kokaonera oimba, musamangoti maso tong'o kutsogolo ngati ana a sukulu. Tsiku lina mudzacheuke. Kumbuyo kwenikweni kwa holo, pafupi ndi chitseko pamene anthu amapondana potuluka kukagula zakumwa, mudzaona munthu ataweramira tebulo lodzaza mabatani, katochi ali nako kukamwa. Palibe amamuwombera m'manja. Amakumbukiridwa pokhapokha magetsi akavuta, ndipo pamenepo amatukwanidwa iye ndi mtundu wake wonse. Komatu ndi iyeyo amene amasankha zoti maso anu aone.

M'gulu la a Madala munthu ameneyu anali mayi. Ankamutcha Namakwerero, chifukwa paliponse pamene basi ya gululo yaima, choyamba kutsika anali makwerero ake, mwini wake n'kumabwera pambuyo atamanga mpango kumutu, m'thumba la ovolosi muli pulayala ndi tepi yakuda. Dzina lake lenileni linangotsala pachiphaso. Ngakhale mwamuna wake, telala wofatsa wosokera pakhonde la sitolo ya nsalu, ankamuitana ndi dzina lomweli akafuna kumuseka.

Bambo ake anali oyang'anira holo ina m'tauni: kusesa, kukhoma mipando, kusintha mababu. Msana utayamba kuwavuta, mwana wawo wamkaziyu ndi amene ankakwera kudenga, iwo n'kumalozera ali pansi. Ndiye kunabwera gulu loimba, nthawi imeneyo a Madala asanakhale a Madala, tsitsi lawo likadali bii. Wamagetsi wa gululo anatsika basi ali dzandidzandi n'kukadzigwetsa kuseri kwa masipika. Mtsikanayo anaona nyale zili mbwee pansi, dzuwa likupendeka, ndipo sanafunse munthu, anangonyamula makwerero. Amuna a m'gululo anaseka. Wina anati mkazi akakwera pamwamba magetsi amathawa. Woimba wawo yekha, a Madalawo, ndi amene sanaseke. Anagwira makwererowo ndi manja ake awiri mpaka nyale yomaliza itamangidwa, ndipo m'mawa mwake anavala jekete n'kupita kwa bambo a mtsikanayo kukapempha kuti alowe m'gulu.

"Ndidzamusunga ngati wanga," anatero. "Akadzalira chifukwa cha ine, mudzabwere mudzamutenge, sindidzatsegula pakamwa."

Mawuwo anawasunga. Namakwerero atakwatiwa, a Madala anaimba paukwati wake. Atabereka mwana woyamba, anthu anati basi ntchito yatha, koma a Madala analamula kuti mpando umodzi wa m'basi uzulidwe, pakhale malo a kabedi ka khanda. Ana ake onse anakula ndi ntchito ya makwerero imeneyi. Iye sankayamika ndi pakamwa, sanali munthu wa mawu ambiri, koma aliyense ankadziwa kuti wofuna kunyoza a Madala ayambe waona ngati Namakwerero sali pafupi.

Nyale za nthawi imeneyo zinali zitini zakuda zolemera, zokhala ndi babu lalikulu mkati, ndipo zinkatentha ngati mbaula. Kukamwa kwake ankaikako timapepala tapulasitiki tamitundumitundu, timene tinkapserera ulendo usanafike n'pakati pomwe. Mikono ya Namakwerero inali ndi zipsera kuyambira m'zala mpaka m'zigongono. Koma ntchito ankaidziwa. Ankadziwa kuti khungu lakuda ukalithira kuwala kwa buluu kuchokera kutsogolo limasanduka phulusa, ndiye buluu ankamuika kumbuyo, kutsogolo n'kuika kuwala kwachikasu pang'ono, kuti nkhope izioneka kuti ili ndi magazi. Ankadziwa kuti nyimbo yachisoni sifuna nyale zambiri. Ndipo woimba ng'oma akakweza mapewa, chala chake chinkakhala chili kale pabatani.

Panali chinthu chimodzi chokha chimene chinkamutopetsa. Masana aliwonse, holo ikadali pululu, a Madala ankabwera kudzaona nyale yawo. Ankalowa atavala magalasi akuda amene sankawavula ngakhale pakudya, dzanja lili paphewa la woimba gitala, amene gulu lonse linkamutcha Alamu chifukwa anakwatira mlongo wake wa woimba ng'oma, dzinalo n'kumukakamira. Anthu ankati kuyenda kotereku ndi sitayilo ya munthu wotchuka. Akafika pakati pa siteji ankakweza nkhope m'mwamba.

"Itsitse pang'ono. Kumanzere. Ayi, wapitirira, ibweze. Apo. Imange pomwepo, isasunthe."

Nyale za ena onse ankazilunjika mwa kanthawi kochepa, koma iyi yokha inkamusunga pamwamba mpaka miyendo kuchita dzanzi. Mumtima ankati oimba onse ndi amodzi, amadzikonda ngati atsikana a pagalasi. Paja amati galu wamkota sakandira pachabe, koma mwambi timaukumbukira zinthu zitavuta kale.

Zaka zitapita kunabwera nyale zatsopano: zopepuka, zosatentha, zosadya magetsi, zosintha mitundu zokha ukangodina batani. Namakwerero anaziona kwa gulu lina ndipo tulo tinamuthawa. Nthawiyi gulu linkayendetsedwa ndi mwana wamwamuna wa a Madala, amene anthu ankamutcha Manijala, munthu wa mafoni awiri ndi mtima wapachala. Anakulira m'basi yomweyo, ndipo Namakwerero anamupukutapo mamina, choncho sankamuopa. Anamukhalira pakhosi miyezi yambiri.

"Anti, mundipha," ankatero Manijala.

"Ndikupha ine? Taona mikono yangayi. Ukufuna ndidzalowe m'bokosi nditapsa kale?"

Mapeto ake nyalezo zinagulidwa. Namakwerero anakondwa ngati wapatsidwa msana watsopano. Zitini zakale zija anakaziunjika m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba yake, mmene mwamuna wake ankasungamo zidutswa za nsalu, ndipo telalayo anadandaula kuti wakwatira mkazi pamodzi ndi zitsulo zake.

Ulendo woyamba ndi nyale zatsopano unayamba bwino masana, n'kuipa madzulo. Masanawo a Madala anaima pamalo awo, anakweza nkhope, kenako anangoti zili bwino n'kutsika. Namakwerero anadabwa koma anasangalala kuti lero sanamuzunze. Madzulo ake siteji inawala mokongola kuposa kale lonse, koma woimba wake anali ngati munthu wina. Ankatuluka m'kuwala kwake n'kumakaimbira mumthunzi. Atavina n'kuzungulira, anaima atalozetsa nkhope kukhoma n'kuimbira khomalo vesi yonse. Anthu anaseka poganiza kuti ndi nthabwala. M'tauni yachiwiri anagunda chitsulo cha maikolofoni chikagwera pa ng'oma, ndipo palibenso anaseka.

Manijala anabwera patebulo la Namakwerero nkhope ili gwaa.

"Anti, abambo ayamba kumwa mobisa, kapena mutu wayamba kuwasokonekera. Zikachitikanso, ulendo uno ndi womaliza. Sindilola kuti bambo anga akhale choseketsa."

Namakwerero sanagone bwino. A Madala opanda siteji sankatha kuwaganizira n'komwe. Munthuyo mkazi wake anamwalira, kunyumba kunali zii, moyo wake wonse unali pa timatabwa timeneto.

M'tauni yachitatu, masana, gulu litapita kukadya, iye anabwerera m'holo kukatenga pulayala imene anaiwala pamwamba pa sipika. Nyale anali atazisiya zoyaka. Pasiteji panali a Madala okha. Anali atatambasula dzanja, chikhatho chikuyang'ana kumwamba, n'kumaliyendetsa uku ndi uku ngati munthu wofuna kudziwa ngati mvula yayamba.

"Madala, mwataya chiyani?"

Anadzidzimuka, ndipo anayamba atembenukira kumene kunalibe munthu asanapeze kumene mawu achokera.

"Ndiwe Namakwerero? Nyale yanga wayatsa?"

"Ndi yoyaka. Mwaima pakati pake penipeni."

"Pakati pake penipeni," anabwereza, n'kuseka kuseka kouma. "Mwana wanga, nyale zako zatsopanozi ndi zokongola, aliyense akutero. Koma zilibe moto."

Anavula magalasi aja. Maso awo anali mbuu, ngati galasi limene munthu walipumira mpweya. Namakwerero anakhala pansi pamphepete pa siteji.

"Masana ndimaonako zithunzithunzi," anatero a Madala. "Munthu ndimadziwa kuti ndi munthu, khomo ndi khomo. Koma ukayatsa zakozi, zonse zimasanduka chifunga chimodzi, kutsogolo ndi kumbuyo chimodzimodzi. Yakale ija inkandiwotcha pamphumi. Ikandiwotcha pamphumi ndinkadziwa kuti anthu ali uko. Ndikavina n'kuzungulira, ndinkaufuna motowo ndi tsaya. Ukazirala, ndiye kuti ndatuluka, ndibwerere. Unkati ndimakuzunza pamakwerero paja chifukwa chofuna kukongola?"

"Zinayamba liti?"

"Mkazi wanga asanatisiye. Iwo okha ndi amene ankadziwa. Achipatala anati tinachedwa."

"Nanga bwanji osanena, Madala? Mbewa ya manyazi inafera kuuna."

"Si manyazi." Anavalanso magalasi. "Umawaona anzanga osaona aja oimba pamphambano, kambale kali patsogolo? Ena mwa iwo amaimba bwino kuposa ine. Ndani anayamba waima n'kuwauza kuti apa mwalakwitsa? Palibe. Amangoponya kakobiri n'kumapita. Tsiku limene anthu adzadziwe za ine, m'manja adzawombabe, mwinanso kuposa kale. Koma ine sindidzadziwanso ngati ndaimba bwino kapena ndaimba zopusa. Woimba amafera pamenepo. Undisungire, mwana wanga. Ngakhale mnyamata wangayu asadziwe, andikhazika pakhonde ndi wailesi."

Namakwerero analira, ndipo sanabise. Chinkamupweteka kwambiri chinali choti moto umenewo anawalanda ndi iyeyo, ndi pakamwa pake, akudzitama kuti akuthandiza gulu. Atapukuta nkhope anatuluka panja n'kuimbira foni mwamuna wake.

"Bambo a ana, m'kachipinda muja muli chitini chimodzi chomangidwa tepi yofiira pachogwirira. Muchikweze basi ya lero lomwe, pamodzi ndi mababu onse amene mungawapeze."

"Zitini zija zafunikanso?" anatero telalayo. "Si inu munkati tsabola wakale sawawa?"

"Musandifunse lero."

Ndipo sanafunsenso. Nyaleyo inafika m'mawa mwake itakulungidwa bwinobwino m'zidutswa za nsalu za madiresi a anthu, babu lililonse lili m'kathumba kakekake kosokedwa. Namakwerero atamasula katunduyo anathokoza Mulungu chifukwa cha amuna osafunsafunsa, amene sapezeka ambiri.

Manijala ataona chitini chakuda chikukwera pakati pa nyale zake zonyezimira, anagwira m'chiuno.

"Anti, tagula zatsopano kuti tizinyamulanso chimbaula ichi?"

"Khungu la abambo ako limafuna imeneyi. Iwe yang'ana mafoni ako."

Madzulo amenewo a Madala anabwerera mwakale. Anavina, anazungulira, anagwada, anadzuka, ndipo nthawi zonse nkhope inkabwerera kwa anthu ngati yokokedwa ndi chingwe. Manijala anati mwina kunali kutopa chabe. Alamu anangomuyang'ana Namakwerero nthawi yaitali kuposa masiku onse. Ulendowo unatha bwino, unabwera wina, nawonso unatha bwino. Masana aliwonse Namakwerero ankakwera makwerero n'kumva mawu aja akuti itsitse, kumanzere, wapitirira, ndipo tsopano akanatha kukhala pamwambapo mpaka mawa osadandaula.

Koma mababu a nyale zakale anali atasiya kubwera m'masitolo. Tauni iliyonse imene afika, anzake akamagona masana, iye ankazungulira kwa ogulitsa zamagetsi, kwa osunga maholo akale, ngakhale kwa ogula zitsulo zakutha. Ena ankamuseka, ena ankamuuza kuti mayi dziko linapita patsogolo. Apa ndi apo ankatola limodzi. Timatumba ta telala tija tinkangopwa, mpaka tsiku lina anamanga m'nyalemo babu lomaliza. Sanawauze a Madala. Anati awauza mawa, mawa lake anatinso mawa.

Babulo linapsera m'holo ina yokhala ndi siteji yaitali kufika m'khosi mwa munthu, pansi pake simenti yokhayokha. Inali nyimbo yothamanga, holo yonse ili chiimire. Namakwerero anaona nyale ija ikuwala mopitirira kamodzi, kenako n'kuti zii. Palibe wina anazindikira, chifukwa nyale zina zonse zinali ngwee. A Madala anali pakati pozungulira. Anaima, anapendeketsa tsaya uku, analipendeketsa uko. Sanasiye kuimba. Kenako anachita zimene thupi lawo linazolowera likamva kuzizira: anaganiza kuti abwerera m'mbuyo kwambiri, ndiye anayamba kuyenda chakutsogolo, kumphepete.

Kufuula kunali kosathandiza, ng'oma zinali zitadzaza holo yonse. Kuthamanga kunali kutali. Namakwerero anagwetsa dzanja pabatani lalikulu lozimitsira zonse, ndipo holo inangoti bii.

Woimba aliyense woyendayenda amalidziwa lamulo ili, chifukwa pasiteji pamakhala mawaya ndi zitsulo paliponse: mdima ukagwa, ima pomwe ulipo, usasunthe phazi. Chifunga cha m'maso mwa a Madala chitasanduka mdima, miyendo yawo inamvera lamulolo. Ng'oma zinaleka. Anthu anakuwa, mafoni anayamba kuyaka, ndipo amene anali pafupi ndi tebulo anamutsanulira Namakwerero mawu oti sitingawalembe pano. Iye sanawamve n'komwe. Anadikira mpaka mtima utamuuza kuti zakwana, n'kubweza magetsi pang'onopang'ono. A Madala anali ataima pakati pa siteji, dzanja lili paphewa la Alamu, ndipo awiriwo anamaliza nyimbo zotsala ali chigwirizire choncho.

Pomanga katundu, Alamu anadutsa pafupi naye atanyamula gitala.

"Nsonga za nsapato za a Madala zinali zili kale m'malere," ananong'ona, osaima.

M'mawa mwake, anyamata akukweza masipika m'basi, Namakwerero anawapeza a Madala atakhala pakhonde la nyumba ya alendo akumwa tiyi. Anakhala pansi pafupi ndi mpando wawo.

"Madala, babu lija linali lomaliza. Ndayenda paliponse, kulibe. Ndinayenera kukuuzani kale, ndinachita mantha."

"Ufunefune ndithu, lipezeka."

"Silipezeka. Ndipo ngakhale litapezeka, lidzapsanso tsiku lina ine nditayang'ana kumbali. Chilichonse chimene ndili nacho munandipatsa ndinu. Koma chinsinsi ichi sindingakusungireninso. Ndikachisunga, ndidzachisunga pamodzi ndi maliro anu. Ngati mukufuna mundichotse ntchito, koma mwana wanu adziwe lero, kwa inu kapena kwa ine."

A Madala anaika kapu pansi. Namakwerero anali asanawayankhulepo chotero chiyambire, ndipo ankadikira kuti akalipiridwe.

"Muitane," anatero a Madala pomaliza.

Manijala anabwera foni ili kukhutu. Bambo ake atavula magalasi, foniyo inapitiriza kuyankhula yokha m'dzanja lake. Anakhala pansi pasimenti ngati kamwana.

"Ine ndinkati ndi mowa, bambo," anatero, misozi ikutsika. "Ndinkanunkhiza makapu anu." Atakhala pang'ono umanijala unamubwerera. "Ndiimba foni, za lero tilepheretse. Tibwerere kunyumba mukapume."

"Za lero zilipo," anatero a Madala. "Ndakhala ndikuthawa chinthu chimene sindinachimvepo ndi makutu anga. Ndikufuna ndikachimve. Akandiwombera m'manja ngati wodwala, ndidziwa, ndipo mawa ndikakhala pakhonde paja popanda wondikakamiza. Magalasi ndiwasiya. Iwe Namakwerero, undigwire dzanja, undilowetse wekha, magetsi onse ali oyaka."

"Ine pasiteji? Alamu alipo."

"Alamu anthu anazolowera, aziti ndi sitayilo. Ndikufuna aone kuti ndikutsogoleredwa."

Madzulo ake, m'tauni yotsatira, Namakwerero anayatsa nyale zonse n'kukhazika Manijala patebulo lake.

"Usakhudze kanthu. Ukafuna kuyetsemula, tembenukira uko."

Zaka zonsezi anali asanapondepo pasiteji anthu ali m'holo. Anavula mpango, anauvalanso, anapukuta manja pa ovolosi. Kenako anagwira dzanja la a Madala, lozizira ngati lake, n'kutuluka nawo kuseri kwa nsalu. Kuwala kwake komwe kunamuthobwa m'maso. Anthu anayamba kukuwa monga mwa masiku onse, koma phokosolo linayamba kuzilala kuchokera kutsogolo kupita kumbuyo, pamene ankaona maso aja, ndi kayendedwe kaja, ndi mayi wa ovolosi akunong'oneza kuti pali waya apa, kwezani phazi. Holo inati zii. Kenako m'manja munayamba, mofatsa, molemera, mosatha.

A Madala anafinya dzanja lake.

"Wamva?" ananong'ona. "Ndi zomwe ndinkanena zija."

Namakwerero anaika dzanja lawo pachitsulo cha maikolofoni, anaona kuti Alamu waima pafupi, n'kubwerera kumbuyo kudzera m'mphepete mwa khoma, mtima uli lende. Anamukankha Manijala pampando.

Nyimbo yoyamba anthu anaimvetsera ngati ulaliki. Palibe anavina. Itatha anawomba m'manja mwaulemu, amayi ena akupukuta m'maso. Yachiwiri chimodzimodzi. Namakwerero anayesa zonse zimene ankadziwa, anathira kufiira, anathamangitsa nyale ndi ng'oma, koma holo inakana kutentha. Ankaona mapewa a a Madala akutsika. Nyimbo yachitatu a Madala anasankha dala ina yaitali, yozizira, imene kulikonse anthu ankatulukirapo kupita kukagula zakumwa, ndipo ngakhale Namakwerero mwini sankaikonda. Lero palibe anatuluka. Onse anakhala phee, akupirira mwachifundo, ndipo iye anadziwa kuti akuonerera kutha kwa munthu.

Vesi yachiwiri ili mkati, pakati pa holo panatuluka mawu a mayi wina, amphamvu ngati a wogulitsa pamsika.

"Madala, mwayamba kutigonetsa! Imbani ija ya lole yopanda mabuleki!"

Anthu anamuzazira kuti akhale chete, kodi alibe chisoni, sakuona mmene munthu alili. Mayiyo sanabwerere m'mbuyo.

"Maso ndi amene afa, mawu alipo. Ife tabwera kudzavina, si kudzazonda matenda."

A Madala anakweza dzanja, gulu linaleka kuimba. Manijala anali atadzuka kale kuti akaitane alonda, koma Namakwerero anamukoka malaya, chifukwa iye yekha ndi amene ankaidziwa nkhope ija mpaka makwinya ake, ndipo anaona zimene zinkayamba kuchitika m'mphepete mwa milomo.

"Wanena zimenezo ndani?" anafunsa a Madala pamaikolofoni.

"Ndine," anayankha mayiyo. "Nyimbo imeneyi ndi yoipa, Madala. Inali yoipa chaka chatha, ndi yoipabe lero."

A Madala anaseka. Anaseka mpaka kugwira chitsulo ndi manja onse awiri, misozi ikuyenderera kuchokera m'maso osaona aja, ndipo holo inayamba kuseka nawo, poyamba mwamantha, kenako ndi mimba yonse.

"Mulungu akudalitse, mayi wopanda ulemu iwe," anatero. Anatembenuzira mutu kumene kunali ng'oma. "Mwamva bwana wanena. Ya lole."

Ng'oma zinagwa ngati denga, mipando inakankhidwira kumbali, ndipo Namakwerero anatsegula nyale zonse zimene anali nazo. Pakati pa nyimboyo anatembenuzira imodzi kwa anthu, n'kuiyendetsa pamwamba pa mitu kufunafuna mayi uja, kuti angoona nkhope ya munthu amene wawabwezera a Madala ntchito yawo. Koma holo yonse inali itasakanikirana, aliyense akuvina, ndipo sanamupeze.